Tsiku la Anakubala: Momwe Mungakonzere Kuti Amayi Asagwire Mthiko

Chaka choyamba chimene tinakadyera Tsiku la Anakubala kumudzi ku Ntcheu, tinachita zinthu zimene mpaka lero ndikazikumbukira ndimagwidwa manyazi. Tinatsika minibasi tilipo asanu ndi anayi, ine ndi ana anga atatu, achemwali ndi ana awo anayi, titanyamula chitenje chimodzi, paketi ya shuga ndi buledi. Amayi anatilandira ndi nthungululu, kenako anasowa. Nditawafunafuna ndinakawapeza kuseri kwa nkhokwe akusosola thadzi lawo loikira mazira, maso ali psuu ndi utsi. Tsiku lonse anali chiimire, uku akuphika, uku akupakula, uku akutenthetsa madzi oti adzukulu asambe. Pamene ankakhala pansi kuti adye dzuwa linali litapendeka, ndipo m'mbale mwawo munali khosi ndi zipalapasiro. Ife tinabwerera ku Lilongwe tikuyamikirana kuti tawasangalatsa.

Kuyambira pamenepo pabanja pathu pali lamulo limodzi: pa 15 Okutobala amayi sagwira mthiko, sasenza ndowa, ndipo nkhuku yodyedwa sichokera m'khola mwawo. Malangizo otsatirawa ndi mmene timalisungira lamulolo. Si lapafupi monga limamvekera.

Kukadali milungu itatu: ndalama ndi anthu

Okutobala ndi mwezi wouma m'thumba. Fizi ya teremu yoyamba yangotuluka mu Seputembala, feteleza ndi mbewu zikudikira, ndiye mukayembekezera kuti musonkhe sabata yomaliza mudzangomva aliyense akuti zinthu sizili bwino. Yambani kumapeto kwa Seputembala, malipiro akangolowa. Sankhani m'bale mmodzi wosunga ndalama, aliyense atumize kwa iyeyo pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo iye azilemba pagulu la abale la WhatsApp kuti walandira zingati kwa yani. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana koma zimatseka pakamwa pa mikangano ya mu Novembala.

Ndalama zogulira chakudya musatumize kwa amayi. Ndinayesapo. Anazisunga m'mpango kuti adzagulire feteleza, n'kupha nkhuku yawo monga mwa nthawi zonse, ndipo sindingawanene chifukwa nanenso ndikadachita chimodzimodzi. Ngati mukufuna kuwapatsa ndalama, imeneyo ikhale envulopu yapadera yoti achite nayo zomwe akufuna.

Abale a ku Joni ndi ku Mangalande akumbutseni msanga. Ku South Africa tsiku la amayi limakhala mu Meyi, ku Britain mu Malichi, choncho Okutobala amawadutsa osadziwa. Kuno kwathu ndi tchuthi cha boma, tsiku lomwelo limene bungwe la United Nations limakumbukira amayi akumidzi, ndipo likagwera Loweruka kapena Lamulungu, Lolemba lake anthu sapita kuntchito. Onani kalendala kuti mudziwe ngati mudzagone usiku umodzi kapena uwiri.

Kenako gawanani ntchito, dzina ndi dzina. Wakuti nkhuku, wakuti ndiwo zamasamba, wakuti thobwa. Amuna asatsale pa mndandanda: nkhuni, madzi a pamjigo, kupha nkhuku ndi kukwecha miphika ikatha ntchito ndi zawo. Mukangonena kuti tidzaonera komweko, achimwene adzapezeka pabawo, alamu ali pafoni, inu nokha muli pautsi, ndipo amayi poona mwana wawo akuvutika adzadzuka pamphasa. Lamulo lathera pomwepo.

Nkhani ya apongozi musaizembe. Bambo a ana nawonso ali ndi mayi wawo. Ife timasinthana zaka, ndipo kumene sitipita chaka chimenecho timatumizako mphatso kusanafike pa 15, osati pambuyo pake. Zitenje zikhale za mtengo umodzi. Azimayi amadziwa mtengo wa nsalu pongoikhudza ndi zala ziwiri.

Zogula, ndi zosayenera kunyamula

Kwa anthu 12, akulu ndi ana, ife timagula makilogalamu 2 a mpunga wa Kilombero, lita imodzi ya mafuta ophikira, makilogalamu 2 a shuga, mchere, kilogalamu imodzi ya mtedza, chimera cha mawere chodzaza makapu 3, masamba a tiyi, sopo wochapira ndi machesi. Ufa wa nsima ndi wa thobwa nyamulani wanu. Mwezi uno nkhokwe zambiri zayamba kale kutsika, ndipo anthu khumi ndi awiri amatha ufa umene amayi akanadya sabata yathunthu.

Tomato, anyezi ndi kabichi musavutike nazo m'tauni ngati njira yanu ndi ya M1 kulowera kummwera. Pa Bembeke ku Dedza ndi pa Lizulu ku Ntcheu mupeza zatsopano, zochokera kudimba m'mawa womwewo. Konzeranitu ndalama zing'onozing'ono m'manja, chifukwa minibasi sidikira munthu wofuna chenji.

Nkhuku yamoyo musainyamule kuchokera kumsika wa m'tauni. Chifukwa choyamba ndi kutentha: nkhuku yomangidwa miyendo pansi pa mpando m'dzuwa la Okutobala ikhoza kufera m'njira. Chachiwiri ndi chachikulu. Nyengo yotenthayi ndi imene chitopa chimavuta kwambiri, ndipo nkhuku ya kumsika yakhala pamodzi ndi zina zochokera kosiyanasiyana. Mukaimasula pabwalo la amayi ngakhale usiku umodzi, mukhoza kuwasiyira mliri umene udzasese khola lonse inu mutabwerera. Tumani msuweni kapena m'bale wa pamudzi pomwepo akuguliranitu nkhuku za lokolo ziwiri kapena zitatu kwa aneba, azisunge kwawo. Muuzeni poyera kuti asagule kwa amayi, chifukwa amayi adzakana ndalama.

Ulendo ndi ana

Nyamukani pa 14 m'mawa kwambiri, dzuwa lisanapse. Ana adye phala kunyumba, asadye tchipisi cha mafuta kudepoti. M'chikwama cham'manja mukhale madzi akumwa owiritsa, nthochi, chitenje chakale, majumbo awiri a mwana wosanza m'galimoto, mapaketi a Thanzi, ndi buku la kusikelo la wamng'ono. Neti yanu nyamulani, musakalande ya agogo. Kumapiri a Dedza ndi Ntcheu kumazizira usiku ngakhale m'chilimwe, ndiye juzi imodzi imodzi isatsale.

M'njiramo akumbutseni ana za moni. Anga okulira m'tauni ankafika n'kungoima ngati mitengo, akupereka dzanja limodzi. Tsopano ndimawayeseza tili pampando: ukafika ugwade, dzanja lamanja upereke lamanzere litagwira pamkono, unene kuti muli bwanji agogo, udikire ayankhe.

Madzulo a pa 14: thobwa

Thobwa ndiye chifukwa chake mufike dzulo lake. Salola changu.

Tenthetsani madzi okwana malita 10 mumphika waukulu. Akafunda, thirani ufa wa mgaiwa pang'onopang'ono mukutakasa, makapu 6 kapena 7, kuti likhale phala lolimbirapo kuposa la mwana. Lisiyeni libwate mpaka fungo la ufa wauwisi lithe, mukutakasa pansi kuti lisapserere. Thobwa la phala lopserera limanunkha utsi mpaka dontho lomaliza, ndipo shuga sabisa.

Phulani, lisiyeni lizizire. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chimera ndi chimene chimasungunula phala n'kulisandutsa lamadzimadzi lotsekemera, koma mphamvu yakeyo imafa ndi moto. Mukachithira phala lili lotentha kwambiri, mawa mudzapeza phala lomwelo lili gwa. Mukachedwa mpaka litazizira kwambiri, chimagwira mwaulesi. Muyeso wa amayi anga ndi chala: sambani m'manja, pisani chala cha mkombaphala, mukatha kuwerenga mpaka khumi osachichotsa, nthawi yakwana. Thirani makapu 2 kapena 3 a chimera chosinja, takasani. Pasanathe nthawi muona phala likumasuka pa mthiko ngati lathiridwa madzi. Vundikirani, ikani pakona pamene ana ndi agalu safika.

M'bandakucha wa pa 15 libwezereni pamoto liwire bwinobwino, kenako liphuleni lizizire. Shuga thirani pomaliza mutalawa, chifukwa chimera chabwino chimakhala chitatsekemeretsa kale. Ndi kutentha kwa mwezi uno thobwa limasasa msanga, ndiye la ana likhale la tsiku lomwelo ndi mawa lake basi.

Usiku womwewo kazingani mtedza pang'ono wa ana, wotsalawo sinjani nsinjiro n'kusefa. Mawa simudzakhala ndi mpata wa mtondo.

M'mawa wa pa 15: kuwatsekereza amayi

Dzukani iwo asanadzuke. Kwa amayi anga zimenezi zikutanthauza tambala wachiwiri. Mukachedwa mudzamva tsache pabwalo, ndipo munthu amene wagwira kale tsache simungamukhazikenso pansi. Atsikana asese, anyamata apite kumjigo, inu mutenthetse madzi osamba ndi kukawaikira kubafa, sopo watsopano ali pambali. Akatuluka apeze mphasa yayalidwa pansi pa mtengo wa mango, tiyi wa mkaka ndi buledi kapena mbatata zili pomwepo.

Adzabwera kukhitchini ndithu. Adzati angofuna kuona ngati moto ukuyaka, kapena kuti mphika umenewo si wa nkhuku. Musawathamangitse mwaukali, ndi khitchini yawo. Apatseni ntchito za pamphasa: kulawa mchere, kunyamula khanda, kufotokozera adzukulu kuti mayi wawo anali wotani ali mwana. Ntchito yomalizayi imawasunga maola awiri, ngakhale kuti ulemu wanu kwa ana umatsikako. Chimene chimathandiza koposa ndi kuwaitanira anzawo. Amayi aang'ono, azakhali, mnzawo wa kumvano kapena wa chigwirizano: akakhala atatu pamphasa, nkhani zikayamba, za kukhitchini amaiwala.

Nkhuku

Iphedwe isanakwane 8 koloko. Nkhuku ya lokolo si ya m'sitolo yoti mphindi makumi atatu yapsa.

Iviikeni m'madzi otentha koma osati obwata, chifukwa obwata amasupula khungu. Sosolani, kenako iwauleni pa lawi la mapesi kapena udzu kuti tiubweya tonse tipse. Kuwaulako ndi kumene kumabweretsa kafungo kamene nkhuku ya m'tauni ilibe, musakudumphe. Potumbula samalani ndulu, kathumba kobiriwira kamene kali pachiwindi. Dulani ndi kachidutswa ka chiwindi komwe, osakafinya. Ikaphulika nyama yonse imawawa, ndipo kutsuka sikuthandiza kwenikweni. Nthutumba ing'ambeni, tayani za m'kati, sendani kakhungu kachikasu. Mpeni, mbale ndi manja zimene zakhudza nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze tomato wa saladi.

Dulani m'mfundo, osaphwanya mafupa. Ikani mumphika ndi mchere ndi madzi ongofika pamwamba pa nyama, vundikirani, moto ukhale wapakati. Tambala wamkulu amafuna ola limodzi ndi theka, nthawi zina maola awiri. Msoti umapsa msanga. Madzi akaphwa nyama isanafewe, onjezerani otentha, pang'onopang'ono. Ikafewa lekani madzi aphwere mpaka muyambe kumva kuthetheka. Nkhuku yonona imatulutsa mafuta akeake, moti a m'botolo mungothirako supuni ziwiri kapena zitatu. Ikazingeni mpaka ifiire mbali zonse, ikani anyezi awiri, akafiira tomato anayi kapena asanu wosenda. Tomato apse mpaka mafuta ayandame pamwamba, ndiyeno madzi kapu imodzi ndi theka a msuzi, ubwate pang'ono, phulani.

Zokometsera za m'mapaketi ine sindiika pa nkhuku ya lokolo. Wofuna tsabola, kambuzi akhale m'kambale pambali.

Nkhwani wotendera

Mwezi uno nkhwani ndi wa kudimba, ndiye muuzeni msuweni uja akusungireni. Ukasowa, mpiru kapena mfutso umatenderanso bwino, bola mfutso muuviike kaye ndi kuutsuka mchenga.

Sadzulani nkhwani tsamba ndi tsamba, ntchito yabwino kwa atsikana a zaka khumi, tsukani kawiri, dulani mosalala. Madzi akhale ochepa kwambiri, kapu imodzi pa mphika wapakati, chifukwa masamba amatulutsa awo. Madzi akawira ikani mchere, masamba, tomato pamwamba. Chidulo kapena soda ndi kansonga ka supuni chabe. Mukachulutsa ndiwo zimaterera ngati therere ndipo zimataya kukoma. Masamba akafewa wazani nsinjiro pamwamba, kapu imodzi yodzaza, vundikirani osatakasa kwa kanthawi kuti nthunzi iphike nsinjiro. Mukatero takasani ndi mthiko, chepetsani moto, zibwate pang'onopang'ono mpaka zigwirane. Nsinjiro zosapsa zikhoza kuvutitsa m'mimba, ndipo mawa muli ndi ulendo wa minibasi ndi ana.

Mpunga, komanso nsima

Petani mpunga palichero, sankhani timiyala, tsukani kawiri. Kapu imodzi ya mpunga, makapu awiri a madzi osakwana pang'ono, mchere ndi supuni ya mafuta. Madzi akaphwa phulani makala ambiri pambaula, ena muwaike pamwamba pa chivundikiro, mpunga umalizike ndi nthunzi. Osavundukula kawirikawiri. Fungo la Kilombero likafika pamphasa mudzamva alendo atsitsa mawu.

Nsima phikaninso, ngakhale mpunga uli wokwanira. Kwa amayi anga mpunga ndi chakudya cha ana ndi cha Khirisimasi. Akadya wokhawo madzulo amati lero sitinadye. Ikhale ya ufa woyera, yomaliza kuphikidwa kuti ifike yotentha, ndipo aomole ndi munthu wodziwa chipande.

Kupakula

Apa ndi pamene chaka choyamba chija tinagwera, ndiye tcherani khutu. Mbale yoyamba kupakulidwa ndi ya amayi, mphika usanakhudzidwe ndi wina aliyense. Muikemo ntchafu, chidali, chiwindi ndi nthutumba. Ndikudziwa kuti kwathu nthutumba ndi ya abambo kapena mlendo wolemekezeka. Bambo anga ali moyo tinkapha nkhuku ziwiri kuti pasakhale mlandu, koma imodzi mwa nthutumbazo inkapita kwa mwini tsiku. Mdzukulu wamkulu agwade ndi beseni ndi jagi, awasambitse m'manja.

Mukawapatsa mbaleyo khalani nawo pomwepo mpaka adye. Mukangotembenuka, ntchafu ija ipezeka m'manja mwa mdzukulu wamng'ono, chidali chakulungidwa kuti adzadye mawa wina wake. Njira yake ndi kupakulira ana nthawi yomweyo, aliyense ndi nthuli yake yooneka, kuti agogo asaone mwana woyang'ana m'mbale mwawo.

Pakulaninso mbale imodzi kapena ziwiri zovundikira. Pamudzi uliwonse pali mayi amene ana ake anamwalira kapena ali kutali osatumiza mawu, ndipo tsiku limeneli amamva nthungululu za kwa aneba ali yekha pakhonde. Afunseni amayi kuti mbaleyi ipite kwa yani, akudziwa. Atumeni ana akapereke.

Mphatso ndi mawu

Mukatha kudya, thobwa likuzungulira, ndiye nthawi ya mphatso. Chitenje ndi mwambo ndipo sichilakwika, koma funsani kaye amene amakhala nawo pafupi kuti chikusowa n'chiyani. Chaka china tinapeza kuti amayi ali ndi zitenje zosavala zodzaza sutikesi pamene nsapato zopitira kutchalitchi zinali zomangidwa ndi waya. Chaka chinanso chimene anasangalala koposa chinali cha ndowa ziwiri ndi tochi ya sola.

Perekani mutagwada, ndi manja awiri. Ndipo nenani mawu. Ambirife timachita manyazi, timangoti amayi landirani kanthu aka, basi. Kuthokoza kwa chisawawa, kwakuti zikomo pa zonse, kumangodutsa ngati mphepo. Tchulani chinthu chimodzi chenicheni. Ine ndinawakumbutsa za chaka chimene anagulitsa mbuzi yawo yokhayo kuti ndikalembe mayeso a Fomu 4, ndi mmene anandiperekezera kusiteji usiku atasenza thumba langa. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ankaganiza kuti ndinaiwala. Achemwali anatchula za miyezi itatu imene amayi anasiya munda wawo kukawadikirira kuchipatala pa mimba yovuta. Ana nawonso anene chawo, ngakhale chikhale chakuti zikomo agogo chifukwa cha mango. Akamva inu mukutchula zoterezi amadziwa kuti agogo si munthu wongopereka mtedza.

Amene ali kunja aimbe nthawi imeneyi, foni izungulire. Pezeranitu pamene netiweki imagwira, kaya ndi pachulu kaya kuseri kwa tchalitchi.

Ena amakonda kutengera amayi awo kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, ndipo tsikuli magombe amadzaza. Ngati amayi anu amakonda zimenezo, apititseni, koma chakudya phikani dzulo lake n'kunyamula, ana musawachotse diso m'madzi, ndipo pewani malo a madzi odikha a bango kumene kumakhala nkhono za likodzo. Anga ndinawafunsapo. Anati phokoso la zoimbira ndi dzuwa la pamchenga angazipirire chifukwa cha ife, koma kumeneko si kupuma.

Musananyamuke

Miphika yonse ikwechedwe ndi phulusa ndi mchenga mpaka iwale, ibwerere pamene munaipeza. Mitsuko ndi ndowa zidzazidwe, nkhuni zowaza ziunjikidwe pakhonde, shuga, mafuta, mchere ndi sopo zotsala zikhale zawo. Mpunga wotsala musausunge kufikira mawa m'kutentha kuno, udyedwe madzulo omwewo utatenthetsedwa bwino. Yang'ananinso denga ndi chitseko, mvula ili pafupi; ngati pakudontha, achimwene asachoke asanagwirizane ndi munthu wokonza.

Pa 16 m'mawa mudzapeza pakhomo pali kathumba ka mtedza, nyemba za m'chitini, mwina ndi ufa womwe munabweretsa uja atauthira m'thumba lina. Musakane zonse, mungawakhumudwitse. Landirani mtedza ndi nyemba, ufa muuiwale dala kuseri kwa chitseko. Nkhuku yamoyo akakupatsani, nenani kuti kondakitala sadzalola, muwapemphe akusungireni mpaka Khirisimasi. Mukafika kunyumba imbani foni musanavule nsapato, chifukwa amakhala ali pakhonde foni ili m'manja kudikira kumva kuti mwafika bwino.